Khutu Limene Tsabola Ankafuna

1

Ine sindine munthu wa misozi, ndipo wofuna kusisitidwa pamsana asabwere kwa ine. Ndinagwira ntchito yochapa ndi kusita pa hotela mpaka mawondo anakana. Ana atatu ndinalera ndekha, bambo awo atapita kukasoketsa buluku kwa telala wina wamkazi, buluku n'kubwera, mwiniwake osabwera. Zimenezo n'zakale, mwini bulukuyo anamwalira, ndipo sindinkaganiza kuti ndidzazifukulanso. Koma zinandipeza ndili pampando wa pulasitiki, m'chipinda cha ana odwala mwakayakaya.

Mdzukulu wanga wa kwa mwana wanga wamwamuna timamutcha Tsabola, chifukwa ndi kamunthu kakang'ono koma pakamwa pake pamawotcha. Ali ndi zaka zinayi. Kanayamba ngati kachifuwa wamba, kenako kutentha thupi, kenako chibayo chogwira mapapo onse awiri. Pomwe ndinkafika kuchipatala cha ana, anali atamulowetsa kale paipi kukamwa, makina akumupumira, iye ali m'tulo ta mankhwala.

Bambo ake, amene ndi dalaivala wa lole, ndinawapeza pakhomo atagwira khoma.

"Amayi, sindingathe kumuyang'ana," anatero.

"Ndiye choka panjira, ena tilowe."

2

Chipatala chimene ndinkachidziwa ine ndi chija achibale amakupirikitsirani panja ngati nkhuku. Kuno kunali kwina. Namwino wamkulu wa chipindacho, mayi wojintcha amene aliyense ankangomutcha Asisitala, anandigwira pamkono ndisanafike n'komwe pabedi.

"Agogo, kuno simuli mlendo. Vulani mphete, valani chophimba pakamwa, sambani m'manja mpaka m'zigongono. Pabedi lililonse pali mipando iwiri ya achibale, iwiri yokha. Mukakhala pamenepo ndiye kuti muli pantchito."

Mawu amenewo anandikomera. Ntchito ndimaidziwa, chimene sindidziwa ndi kukhala chete n'kumausa moyo. Anatiphunzitsa, ine ndi mpongozi wanga, kupukuta m'kamwa mwa mwana ndi thonje lonyowa, kumudzoza mafuta pamilomo kuti isang'ambike, kumusisita timapazi, kuthandiza pomutembenuza osakoka mapaipi. M'mawa madokotala akamazungulira sankatitulutsa. Ankayamba kufunsa ifeyo: mwamuona bwanji, chasintha n'chiyani?

"Muzimuyankhula," anatero Asisitala. "Amamva ngakhale ali m'tulo."

Mpongozi wanga ankamunong'oneza zawozawo, misozi ikunyowetsa chophimba pakamwa. Ine ndinamufotokozera mwanayo mmene umasitira kolala ya shati, kuyambira kunsonga kupita pakati. Asisitala anaseka mpaka kugwira bedi.

Pano ndinene zoona. Tsabola sindinkamudziwa kwenikweni. Ali khanda, mayi ake atatsala pang'ono kubwerera kuntchito kusitolo komwe amagulitsa, anabwera kudzandipempha kuti ndizikhala naye masana. Ndinawayankha kuti ine ndinalera kale, nyumba yanga si sukulu ya mkaka. Sanapemphenso. Anati apeza munthu, ndipo ine sindinafunse kuti munthu wake ndani. Mwanayo ndinkamuona akabwera kudzacheza, atachapidwa bwino, akundipatsa moni ali kuseri kwa siketi ya mayi ake.

Koma tsopano mpando wa kumanzere unali wanga. Ndinkafika m'mawa, n'kuchoka dzuwa litapendeka, msana ukung'ung'udza.

3

Mapapo atayamba kuyera, dokotala wa chipindacho, mtsikana wamng'ono thupi wa maso otopa, anatikhazika pansi.

"Tikufuna kumuchotsa pa makina. Tichepetsa mankhwala ogonetsa kuti adzuke n'kuyamba kupuma yekha. Vuto ndi lakuti mwana akadzuka n'kupeza paipi kukhosi amachita mantha. Apa ndi pamene tikufuna inuyo. Akakhala wodekha, ntchito yatheka."

Anachepetsa. Tsabola anayamba kugwedeza zala, kenako kuphethira. Ine ndinawerama pafupi ndi nkhope yake monga anandiuzira. Kadzanja kake kanakwera pang'onopang'ono, kanadutsa patsaya langa, kanakafika pakhutu. Kanagwira kunsonga kwa khutu, kanafinya, kanapapasa ngati munthu wofuna chinthu m'thumba. Kenako kanasiya. Mayi ake anawerama, kadzanja kanachitanso chimodzimodzi, n'kusiyanso.

Pamenepo zinthu zinasokonekera. Mwana anayamba kuponda miyendo, kuluma paipi, nkhope kuda. Makina onse analira nthawi imodzi. Anamwino anatikankhira pambali, ndipo posakhalitsa Tsabola anali atabwezedwanso m'tulo.

Anayesanso tsiku lina. Zinachitika zomwezo: khutu langa, khutu la mayi ake, ngakhale la bambo ake amene tinachita kuwakokera mkati. Onse anatipapasa n'kutikana.

"Sitingamusunge pa paipi imeneyi mpaka kalekale," anatero dokotala uja. "Imavulaza kukhosi, imabweretsa matenda ena. Zikapitirira chonchi, tiyamba kukamba zomuboola pakhosi kuti azipumira pamenepo kwa kanthawi. Sindikufuna tifike kumeneko."

Asisitala anayang'ana makolo a mwanayo. "Mwana uyu akufuna khutu la munthu. Kunyumba amagona atagwira khutu la ndani?"

Mwana wanga anayang'ana mkazi wake. Mkazi wake anayang'ana pansi.

"Amangogwira la aliyense," anatero mwana wanga.

"Bambo, ndakhala m'chipinda muno zaka zambiri," anatero Asisitala. "Mwana wogwira la aliyense sasankha chonchi."

4

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutchera khutu langa lokanidwalo. Awiriwo ankanong'onezana pakhonde, ine ndikatulukira n'kukhala chete. Mwana wanga, amene ankati sangathe kupirira fungo la chipatala, ankatsika masitepe pafupipafupi n'kukhalitsa pansipo.

Kunalinso timalaya. Tsiku ndi tsiku mpongozi ankabwera ndi kathumba ka timalaya ta thonje, totsegula kumbuyo, tomanga ndi tizingwe paphewa kuti mapaipi asavutike. Anamwino ankatiyamikira, amayi a pamabedi ena n'kumafunsa komwe timagulidwa. Ine ndinatembenuza kamodzi kuona msoko. Munthu amene wasita zovala moyo wake wonse amadziwa msoko. Umenewu unali wowongoka mokwiyitsa.

"Akusoka ndani?"

"Mnzanga wina, Amayi."

Ndinawerengera ndekha n'kupeza yankho limene mayi aliyense wa dalaivala angapeze. Ndinamupanikiza mwana wanga pamasitepe.

"Iwe, uli ndi mkazi wina?"

"Amayi!"

"Usandiyankhe ngati nkhosa. Magazi a bambo ako ndimawadziwa. Ngati wakhala ukumutengera mwanayu kwa chibwenzi chako, nena. Ndikumenya pambuyo pake, koma panopa mwana akufuna kubooledwa pakhosi."

"Palibe chibwenzi, Amayi. Ndikulumbira."

"Nanga khutu ndi la ndani?"

Bambo wamkulu wandevu zake anatuluka thukuta pamphuno ngati mwana wa sukulu. "Zisiyeni. Tiyesanso mawa, mwina zitheka."

Ndinamuona kuti akuopa. Chimene sindinachione n'chakuti ankaopa ine.

5

Amene anaulula ndi mpongozi. Tinali pa sinki yosambira m'manja, thovu lili m'zigongono, pamalo pomwe munthu sungathawe msanga.

"Amayi, ine ndatopa," anatero, osandiyang'ana. "Mwana wanu akuti tikakuuzani mudzatitaya. Koma ine ndasankha kutayidwa ndi inu kusiyana n'kuti mwana wanga abooledwe."

"Nenani."

"Amene amakhala ndi Tsabola masana, kuyambira ali khanda, ndi Atelala."

"Atelala ati?"

Anatseka mpopi. "Omwe aja, Amayi. A malemu apongozi."

Madzi anali kudontha m'manja mwanga. Ndinangoona kuti akudonthera pa nsapato, ndipo ndinaganiza kuti ndiyenera kusambanso.

Anafotokoza mofulumira. Mwana wanga anadziwana nawo pa matenda a bambo ake, pomwe mayiyo ankawasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka tsiku lomaliza. Ine nditakana kulera, wantchito woyamba n'kuthawa, wachiwiri n'kumusiya khanda lokha m'nyumba, Atelala anangoti mubweretseni kuno. Alibe mwana wawo. Tsabola anakulira pansi pa tebulo la makina osokera, akuseweretsa tinsalu todula. Tulo ta masana amagona pamiyendo pawo, atagwira khutu lawo la kumanja.

"Khutu lake ndi long'ambika," anatero mpongozi. "Amalowetsa kachala pakati pong'ambikapo. Popanda zimenezo sagona. Ngakhale kunyumba usiku timavutika naye."

Sanafunikire kundiuza za khutulo. Ndinaling'amba ndine.

Panali pakhomo pa shopu yake, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ataunjikana. Ndinapita kukatenga mwamuna wanga, ndinabwerako ndi ndolo m'manja. Inali ndolo yaikulu yozungulira, ndipo ndinaikoka mpaka inatulukira pansi. Khutu linapola lili logawikana pawiri ngati chiboda cha mbuzi. Kuchokera tsiku limenelo sitinayankhulanepo, ngakhale pamaliro a mwamunayo. Musayembekezere kuti ndinena kuti ndinalakwa. Ana atatu anali kulira njala kunyumba tsiku limenelo.

"Ndiye nonse mwakhala mukundidyetsa bodza zaka zinayi?"

"Simunafunse, Amayi."

Anayankha mwaulemu, koma mawuwo anandilasa.

"Ali kuti?"

"Pansi, pabenchi ya pafupi ndi masitepe. Amabwera m'mawa uliwonse ndi timalaya. Amati sangakwere inu muli pampando."

6

Benchi imeneyo ndinkaidutsa tsiku lililonse. Pankakhala amayi ambiri ovala zophimba pakamwa, ndipo mmodzi wa iwo, wowonda, ankamanga mpango mpaka kubisa makutu. Sindinamuyang'anepo kawiri. Mkazi amene ndinkamusunga m'mutu mwanga anali wonenepa bwino, wa milomo yofiira. Uyu anali gogo ngati ine, magalasi omangidwa ndi ulusi, akusoka kazingwe pa kamalaya.

Atandiona ndaima patsogolo pake anafuna kudzuka, mawondo n'kumukanika. Zimenezo zinandikhazika mtima pansi pang'ono.

"Akulu," anatero.

"Musanditchule akulu. Sitinali pa mitala. Munaba."

"Chabwino, mayi."

"Vulani mpango."

Anavula. Khutu linali pomwepo, monga ndinalisiyira, lakwinyika chabe ndi ukalamba.

"Mwana ali bwanji?" anafunsa. "Amandiuza, koma amandibisira zina. Wawonda?"

"Wawonda. Akufuna khutu lanulo. Akapanda kulipeza amuboola pakhosi."

Anagwira pakamwa. Ndinaona kuti akufuna kuyamba kulira, ndipo ine za kulira ndinali nditakhuta nazo mmwambamo.

"Zimenezo muzikachita kwanu. Muli ndi chifuwa? Chimfine?"

"Ayi."

"Zikhadabo zanu n'zazitali, anamwino adzakubwezani. Muli ndi lumo m'thumbamo, wengani. Ndipo tamverani: sindinabwere kudzapepesa."

"Inenso sindinabwere kudzatenga chipepeso," anatero, akufufuza lumo. "Khutu ndinalizolowera. Mwamuna uja munali naye zaka zake zabwino. Ine ndinatola nkhonono ndi matenda a shuga."

Ndinatsala pang'ono kuseka, ndipo zinandikwiyitsa kwambiri.

Tinakwera masitepe pang'onopang'ono, aliyense atagwira chitsulo chake. Mwana wanga atationa tikutulukira limodzi anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna zenera lothawira.

"Iwe tidzakambirana," ndinatero. "Panopa pita ukaitane Asisitala."

7

Asisitala sanafunse zambiri. Anayang'ana khutu, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Agogo atsopano, sambani mpaka m'zigongono." Anawaphunzitsa zonse zimene anandiphunzitsa ine, ndipo tsiku limenelo Atelala anakhala akuyankhula ndi mwana ali m'tulo, kumuuza za mphaka wa kushopu ndi za batani limene anabisa m'nsapato. Zinthu zimene ine sindinkazidziwa n'komwe.

M'mawa mwake dokotala anati tiyesenso. Ndinafika pabedi ndi manja osamba, mwachizolowezi, n'kupeza tili atatu.

"Mipando ndi iwiri, Agogo," anatero Asisitala motsitsa mawu. "Pochotsa paipi timafuna malo. Mugwirizane nokha."

Mpongozi anayamba kudzuka. "Amayi, khalani inuyo, ine..."

"Khalani pansi, inu ndi mayi wake." Ndinachotsa juzi yanga pampando wa kumanzere. Unali utazolowera thupi langa mpando umenewo. "Atelala, apa. Muwerame mbali iyi, dzanja lake lamphamvu ndi ili. Musatsamire paipi yabuluuyo."

Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa galasi la chipindacho, pambali pa mwana wanga.

Anachepetsa mankhwala. Tinadikira mpaka miyendo yanga inachita dzanzi. Kenako zala zinagwedezeka. Kadzanja kanakwera, kanadutsa pa magalasi omangidwa ndi ulusi, kanafika pakhutu. Kanapapasa. Kachala kanalowa pong'ambika paja, n'kukhazikika.

Maso anatseguka, aakulu, amantha. Miyendo inayamba kuponda. Manambala a pa makina anakwera, ndipo ine ndinagwira mkono wa mwana wanga mpaka anadandaula. Atelala sanasunthe mutu ngakhale mwanayo ankakoka khutulo mwamphamvu. Milomo yawo inkangoyenda pansi pa chophimba. Pang'ono ndi pang'ono miyendo inaleka. Manambala anatsika. Dokotala anadikirabe nthawi yaitali, akuyang'ana chifuwa chikukwera ndi kutsika chokha, kenako anagwedeza mutu kwa Asisitala.

Paipi inatuluka. Tsabola anatsokomola, anatsokomolanso, kenako analira ndi mawu osasa ngati kakhwangwala. Sindinamvepo phokoso lokoma ngati limenelo.

Mwana wanga anakhala pansi penipeni n'kubisa nkhope.

"Dzuka, anthu akupondera," ndinatero. Koma dzanja langa linali pamutu pake.

8

Anatisamutsira ku chipinda cha ana amene akuchira. Kumeneko mipando sawerenga, koma tinagawana nthawi: Atelala m'mawa, ine masana, makolo ake akaweruka. Posinthana timapatsana malipoti ngati anamwino. Wamwa zingati, watsokomola bwanji. Zina sitikamba.

Tsiku lina masana Tsabola anandiyang'anitsitsa, n'kutambasula dzanja kugwira khutu langa. Analitembenuza uku ndi uku.

"Lanu ndi losang'ambika," anatero ndi mawu ake osasawo.

"Eya."

"La agogo ena aja linalumidwa ndi galu. Anandiuza. Galu wolusa kwambiri."

"Anatero?"

"Eee. Inu munamuona galuyo?"

"Ndimamudziwa," ndinatero, ndikumukonzera pilo. "Anakalamba tsopano. Mano anatha."

Anaganiza kaye. "Ndiye asamamuthamangitse. Azimupatsa zofewa."

Anagona atagwira chala changa. Si khutu, koma ndinalandira.

Inu amene mukuwerenga, musayembekezere kuti ndikuuzeni zoti tinakumbatirana ndi mayi uja. Sitinatero, ndipo pa msinkhu wathu kukumbatirana n'kofuna wina wotidzutsa tikagwa. Mwana wanga sindinamukhululukire bwinobwino, ndipo akudziwa. Chimene ndikufuna kukuuzani n'chaching'ono. Mwana akadwala kwambiri, achipatala adzakufunsani funso limene makina awo sangayankhe: mwanayu amatonthola ndi ndani? Yankho lake mulidziwe lero, mwana ali bwino. Ndipo likakhala dzina limene simufuna kulimva, musachititse ana anu mantha mpaka kulibisa pamene khosi la mwana lili pa mpeni. Ine ukali wanga unatsala pang'ono kumuboola mdzukulu wanga, ndili pompo pambali pake ndi thonje m'manja, ndikudziyesa wothandiza.

Tsabola anatuluka. Masana amapitabe kushopu. Loweruka amabwera kwa ine, ndipo kolala amayamba kusita kunsonga, ndi ayironi yozizira. Sabata yatha anabwera ndi siketi yanga imene inang'ambika chaka chatha, itasokedwa. Sindinatume munthu. Ndinaitembenuza kuona msoko. Wowongoka mokwiyitsa.

Ndinaivala.